Dedza si pongogulira mbatata pazenera la basi

Amalawi ambiri amaidziwa Dedza kudzera pazenera la basi. Galimoto ikaima pa Chimbiya kapena pamphambano ya ku Bembeke, mazenera amatseguka, ndalama zimatuluka, mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi nsawawa zimalowa. Wina amakoka juzi n'kudandaula za kuzizira, dalaivala amaliza hutala, ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre n'kupitirira. Mapiri amene aima mbali zonse za msewu wa M1 amangoyang'anidwa chodutsa.

Ine ndine mwana wa kumapiri kuno. Ndinakulira chakufupi ndi Bembeke, ndipo ndagwira choko m'sukulu za boma lino mpaka imvi zabwera. Mawu anga ndi awa: Dedza ili ndi zokwanira zoti munthu agoneko masiku angapo akuyenda, akuona ndi kuphunzira. Chimene chikutisowa si hotela yosanjikizana kapena thandizo la mabungwe akunja. Tikusowa tinjira tosamalidwa bwino, anthu a m'midzi ophunzitsidwa kuperekeza alendo, komanso mtima woti ife eni ake tiyambe kupondako.

Tiyambe ndi phiri limene lili kuseri kwa tawuni. Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo palibe tawuni ina m'Malawi muno yoiposa pamenepo. Nsonga ya phiri imafika mamita pafupifupi 2,200. Kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 85, kutanthauza kuti munthu wolawirira ku likulu atha kukwera phirili, kudya kamba wake pamwamba, n'kukagona kunyumba kwake tsiku lomwelo. Njira imayamba m'mitengo ya paini, ndipo pali msewu wafumbi wokwera mpaka kunsanja za mawailesi ndi mafoni. Amene ali ndi mphamvu amausiya msewuwo n'kulowa m'tinjira ta m'matanthwe, momwe mudakali timagulu ta mitengo yachilengedwe. Ukafika pamwamba, mbali ina umaona minda ya abale athu a ku Angonia m'dziko la Mozambique itayalana, mbali ina mapiri a Chongoni, ndipo kukakhala kopanda nkhungu nyanja imaoneka ikuyera kum'mawa. Nthawi yabwino ndi mvula ikangotha, mu Epulo ndi Meyi, tchire likadali lobiriwira. Mu Juni ndi Julaye munthu asaiwale chofunda, chifukwa mphepo ya kumeneko imalowa mpaka m'mafupa. Ikafika Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wa tchire umaphimba zonse zakutali.

Chuma chathu chachikulu chili ku Chongoni. M'mapanga ndi pamatanthwe a m'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa pamiyala, m'dera la masikweya kilomita pafupifupi 126. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika dera limeneli pamndandanda wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasunga. Anali malo achiwiri m'Malawi kulandira ulemu wotere, kutsatira paki ya m'nyanja ya Malawi imene inalembedwa mu 1984. Zithunzizo ndi za mitundu iwiri. Zofiira, zambiri mwa izo mizere ndi zozungulira, ndi za Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso za m'tchire, amene anali kuno makolo athu asanafike. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi dothi loyera, ndipo zina zinajambulidwa posachedwapa, m'zaka za m'ma 1900. Zina n'zokhudza chinamwali cha atsikana, zina miyambo ya mvula ndi maliro, zina zilombo za Nyau monga kasiyamaliro. Akatswiri amanena kuti ndi malo ochepa kwambiri pamene zithunzi za alimi zinachuluka chonchi, ndiponso pamene zambiri zinachokera m'manja mwa amayi. Malo atatu ndiwo alendo amapitako kawirikawiri: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Ku Chentcherere n'kumene katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba mu 1972, n'kupeza zida zamiyala za anthu amene ankakhala m'phangamo.

Tangoganizani: mwana wa Mchewa wa ku Linthipe kapena ku Lobi atha kuima pansi pa thanthwe n'kuona ndi maso ake chimene agogo a agogo ake anajambula ndi zala zawo. Si m'buku, si pakanema. Koma mukafunsa ana a m'kalasi kuti ndani anafikako, manja okwera amakhala owerengeka. Ambiri analoweza dzina la Chongoni chifukwa cha mayeso, koma phanga sanalione. Akuluakulu anati pafupi padaolera njovu. Ndipo njovu yathu ikuoladi. Ndaona ndi maso anga mayina a anthu atalembedwa ndi makala ndi choko pamwamba pa zithunzi. Ndaona mwaye wa moto umene abusa a ng'ombe anasonkha m'phanga pothawa mvula. Mitengo imene inkatchinjiriza matanthwe ku dzuwa ndi mvula ikutha ndi nkhwangwa. Malamulo alipo, lamulo loteteza malo ndi zinthu zakale komanso lamulo la nkhalango la 1997, koma lamulo siligona kuphanga. Amene amagona pafupi ndi phanga ndi anthu a m'mudzi.

Tsopano tembenukirani kum'mawa. Ku Bembeke kuli tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza, chomangidwa ndi njerwa zootcha, ndipo mkati mwake makoma ali ndi zithunzi zopentedwa zimene zimaonetsa nkhani za chikhristu ndi nkhope za anthu akuda. Kuzungulira mishoniyo ndi madimba a mbatata, nyemba ndi kabichi, ndipo woyenda wapansi amadutsa m'midzi ya Angoni a kwa Kamenyagwaza. Kuchoka pamenepo dziko limayamba kutsetsereka. Msewu wa Khwekhwelere, wochokera pa Masasa kutsikira ku Golomoti, umakhotakhota m'mbali mwa phiri, ndipo pakhota lililonse maso amalandira china chatsopano. M'mbali mwa msewuwo amisiri amasema timagalimoto, tinjinga ndi tindege tamatabwa mwaluso loti munthu sungadutse osaima. Unyamuka kumtunda utavala juzi, ukafika kunsi uli pakati pa milambe, thukuta lili kamukamu.

Kunsi komweko, chakufupi ndi Mtakataka kwa Kachindamoto, kuli mishoni ya Mua imene ansembe a chipani cha White Fathers anaiyamba mu 1902. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsapo malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. Nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ili ndi zipinda zofotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Gule Wamkulu yemweyo UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chimodzi mwa zikhalidwe zamtengo wapatali za anthu onse. Osema ziboliboli a ku Mua ntchito zawo zinafika m'matchalitchi a maiko akutali. Pobwerera kumtunda, mlendo atha kutsiriza ulendo wake ku Dedza Pottery, kumene kuyambira mu 1987 akhala akuumba makapu, mbale ndi matailosi, n'kupereka ntchito kwa anthu a m'midzi yozungulira. Phiri, mapanga, tchalitchi, chitsetso, zigoba ndi mbiya: zonsezi zili m'boma limodzi.

Nanga anzathu amene ali ndi zofanana ndi zathu amachita bwanji? Ku France kuli kamzinda kotchedwa Montignac, m'chigawo cha Dordogne, ka anthu osafika 3,000. Mu Seputembala 1940 anyamata anayi a kumeneko anatulukira phanga la Lascaux, lodzaza ndi zithunzi za ng'ombe, akavalo ndi nyama zina zimene zinajambulidwa zaka masauzande ambiri zapitazo. Phangalo linatsegulidwa kwa alendo mu 1948. Anthu anakhamukirako mwaunyinji mpaka mpweya wotuluka m'kamwa mwawo ndi chinyezi zinayamba kuononga zithunzi, ndipo mu 1963 boma linalitseka. Sanagwe ulesi. Anamanga phanga lina lofanizira pafupi pomwepo, lomwe linatsegulidwa mu 1983, ndipo mu 2016 anatsegulanso lina lalikulu. Lero mabanja ambiri a ku Montignac amadya chifukwa cha alendo obwera kudzaona zithunzizo, pamene phanga lenileni lili chitsekere kuti lisungike. Phunziro loyamba ndi limenelo: mlendo wosayang'aniridwa amaononga chomwe wadzera, choncho kusamala kuyambe khamu lisanafike.

Phunziro lachiwiri n'losafuna ndalama zambiri. M'midzi ya ku France njira zoyenda wapansi zili ndi zizindikiro za penti pamitengo, pamiyala ndi pamakoma. Njira zazitali, zotchedwa GR, zimadziwika ndi mzere woyera pamwamba pa mzere wofiira. Njira zazifupi zozungulira mudzi zimakhala ndi mzere wachikasu. Ntchito imeneyi inayamba mwadongosolo mu 1947, ndipo amene amapakanso penti ikafufuta ndi anthu ongodzipereka. Mlendo akafika pamudzi amapeza chikwangwani chomuuza kumene njira ikupita, kutalika kwake ndi maola amene angayende. Akatopa amagona m'nyumba za anthu wamba zolembetsedwa ku bungwe la Gîtes de France, limene linakhazikitsidwa mu 1955 pofuna kuti mabanja akumudzi azipeza kangachepe ndipo nyumba zawo zisagwe. Ambiri mwa oyenda m'njirazo ndi Afalansa eni ake: mabanja, ana asukulu, okalamba opuma pantchito. Sindikunena kuti Dedza isanduke France. Thumba lawo ndi lathu n'zosiyana kutali. Koma chitini cha penti, chikwangwani chathabwa ndi chikwanje cholambulira njira si zinthu zoti mpaka tidikire ngongole ya kunja.

Choyamba chofunika kuno kwathu ndi njira, ndipo tili nazo kale. Makolo athu ankatsika wapansi kuchoka kumtunda kupita kunyanja atasenza nyemba ndi mbatata, n'kukwera atanyamula usipa ndi utaka, phula lisanabwere. Amayi otola nkhuni ndi bowa, ana otola masuku, abusa a ng'ombe, onsewa amadziwa kakhwawa kalikonse. Chofunika n'chakuti khonsolo ya boma la Dedza, nthambi ya zankhalango, nthambi yoona za malo ndi zinthu zakale pamodzi ndi mafumu akhale pansi n'kusankha njira zochepa zoyambira: ya kuchokera m'tawuni kukafika pansonga pa phiri, ya kuchokera ku sukulu ya zankhalango ndi nyama zakutchire ku Chongoni kukafika ku Chentcherere, ya ku Namzeze, ya ku Mphunzi, ndi ina yotsika kuchokera ku Bembeke kukafika ku Mua. Iliyonse ilambulidwe, ipakidwe zizindikiro, ndipo poyambira pake pakhale chikwangwani cha m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ophunzira a pasukulu ya zankhalango ija atha kuyeza njirazi ndi kujambula mapu ngati mbali ya maphunziro awo. Pamsewu wa M1 pakhale zikwangwani zazikulu zooneka patali, kuti wodutsa adziwe pokhotera.

Chachiwiri ndi anthu. M'mudzi uliwonse wozungulira mapiriwa muli anyamata ndi atsikana amene ali ndi satifiketi ya fomu folo koma akungokhala, kapena akupalasa kabaza, kapena akuganiza za ulendo wa ku Joni. Amenewa ndiwo aphunzitsidwe kuperekeza alendo: mbiri ya malo, mayina a mitengo ndi mbalame, chithandizo choyamba munthu akabinya mwendo kapena akalumidwa ndi njoka, ndi malamulo a paphanga, oti osakhudza chithunzi, osathirapo madzi pofuna kuti chiwale, osasonkha moto. Akhale ndi chiphaso chowazindikiritsa. Mtengo ulembedwe poyera, wina wa Mmalawi, wina wa mlendo wakunja, wina wotsika kwambiri wa ana asukulu, ndipo wolipira azilandira lisiti. Gawo la ndalamazo lizipita kuthumba la mudzi limene komiti yosankhidwa ndi anthu iziliwerengera pabwalo, pamaso pa onse. Mayi amene waona mjigo wa m'mudzi mwake utakonzedwa ndi ndalama za kuphanga sadzalola mwana wake kulemba dzina pathanthwe. Mnyamata amene amalandira kanthu poperekeza alendo m'nkhalango ndiye adzakhale woyamba kuthamangira kukazimitsa moto wa osaka mbewa.

Chachitatu ndi pogona ndi chakudya. Si mlendo aliyense amene amafuna chipinda chokhala ndi kanema. Ambiri amafuna chipinda chosesedwa bwino, bulangeti lofunda, madzi otentha osamba, chimbudzi chaukhondo ndi chitseko chokhoma. Amafuna nsima ya mgaiwa ya nyemba ndi nkhwani wotendera, mbatata yootcha, thobwa, mapichesi akapsa, nkhuku yachikuda. Zonsezi amayi athu amaphika tsiku ndi tsiku. Magulu a banki m'khonde atha kumanga kapena kukonza nyumba imodzi pamudzi, a zaumoyo n'kuiyendera, khonsolo n'kuilembetsa. Ndalama ya mlendo wogona m'mudzi imagula nkhuku ya m'mudzi, nkhuni za m'mudzi, ndi dengu lolukidwa m'mudzi.

Ndikudziwa zimene ena anganene, ndipo sindikuzipeputsa. Wina adzati munthu wopanda feteleza ungamuuze bwanji za kukwera phiri. Zoona, njala si yocheza nayo. Koma amene akudula mitengo ya ku Chongoni n'kuotcha makala akutero chifukwa cha njala yomweyo, ndipo thumba la makala limagulitsidwa kamodzi kokha. Mtengo woima utha kudyetsa woperekeza alendo chaka ndi chaka, komanso ndiwo umasunga akasupe amene amathira madzi m'mitsinje ngati Linthipe ndi m'madimba amene mbatata yathu imachokera. Wosamala phiri akusamala dimba.

Wina adzati kuyenda kokaona malo ndi zochita za azungu. Maganizo amenewa ndiwo atibweza m'mbuyo. Mpingo uliwonse uli ndi gulu la achinyamata, la amayi ndi la kwaya, ndipo magulu amenewa amasonkha ndalama n'kubwereka basi kupita ku Salima kapena ku Mangochi. Ogwira ntchito m'maofesi a ku Lilongwe amafuna kopita Loweruka. Anthu amenewa ndi ambiri kuposa alendo obwera pandege, ndipo sasiya kubwera chifukwa choti kunja kwagwa mliri kapena mitengo ya ndege yakwera. Tinaona m'nthawi ya Covid-19 mmene malo odalira alendo akunja okha anavutikira. Boma lakhala likutchula zokopa alendo pamodzi ndi ulimi ndi migodi ngati mizati yotukulira dziko. Ngati zili choncho, mzati umenewu uzikidwe pa Amalawi oyendera Malawi.

Nkhawa yachitatu ndi imene ndimailemekeza koposa. Akuluakulu a mzinda wa Nyau ndi anamkungwi amafunsa ngati sitidzagulitsa mwambo. Zithunzi za chinamwali ndi za Nyau zili ndi matanthauzo amene sanenedwa pagulu, ndipo mapanga ena ndi malo opatulika mpaka lero. Yankho langa n'lakuti eni mwambo ndiwo akhale ndi mawu omaliza. Iwo anene phanga loti alendo alowe ndi loti asayandikire, nyengo yoti kutsekedwe, zimene woperekeza alendo angafotokoze ndi pamene ayenera kukhala chete. Mlendo waulemu sakhumudwa akauzidwa kuti apa mpoletsedwa. Chimene chimanyozetsa mwambo ndi mmene zilili panopa, pamene aliyense atha kufika paphanga popanda womuyang'anira n'kuchita zimene wafuna.

Kwa aphunzitsi anzanga ndili ndi pempho lapadera. Sukulu zambiri za kuno zili pamtunda woti ana atha kuyenda wapansi kukafika paphiri kapena paphanga. Sipafunika basi, pafunika chilolezo cha makolo, botolo la madzi, chimanga chokazinga ndi mphunzitsi wokonzeka. Pitani kaye kwa amfumu mukapemphe, ndipo tengani mkulu mmodzi wa m'mudzi kuti akalankhule ndi anawo. Mwana amene waima pansonga pa phiri n'kuona kumene mitsinje imayambira samvanso za kukokoloka kwa nthaka ngati nkhani ya m'buku. Mwana amene wamva kwa agogo kuti zala zimene zinapaka dothi loyera pathanthwe zinali za makolo ake amabwerako ndi ulemu umene sitingauphunzitse pabolodi. Aphunzitsi aakulu aike ulendo umodzi wotere pakalendala ya chaka chilichonse.

Mwezi wa Seputembala dziko lino limakumbukira zokopa alendo, ndipo pa 27 Seputembala ndi tsiku la zokopa alendo padziko lonse. Ndikupempha bwanamkubwa, makhansala, aphungu ndi mafumu athu kuti mwezi umenewu usamangotha ndi zolankhula ndi magule pabwalo. Ufike njira imodzi italambulidwa ndi kupakidwa zizindikiro, gulu limodzi la achinyamata litalandira ziphaso, mudzi umodzi utatsegula nyumba ya alendo. Chaka chinacho tidzaonjezere. Ndipo inu owerenga, mukamadzadutsanso pa Dedza, gulani mbatata yathu monga mwa nthawi zonse, koma konzaninso tsiku loti mudzatsike. Bwerani ndi ana anu, lembani mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi kuti akuperekezeni, mulipireni mokwanira, ndipo musasiye dzina lanu pathanthwe lililonse. Mapiri ndi mapanga amenewa ndi anu, ndipo kuwasunga ndi udindo wa tonse.